Nambala Imene Ndinaipaka Laimu

Kawale, Lachisanu masana

Lusungu mwana wanga,

Ndavundikira makina osokera dzuwa likadali paliwombo. Amake Dalitso, a nyumba yoyandikana nafeyi, abwera kale kudzafunsa siketi yawo, ndipo ndawauza kuti singano yathyoka. Sinathyoke. Ndikufuna ndikulembere panopa pamene uli ku Area 25 kotsanzikana ndi azakhali ako, chifukwa ukabwera tiyambanso zathu zija za "Mwaswera bwanji, Amayi," "Ndaswera, kaya iwe," basi aliyense n'kuyang'ana kwake. Masabata apitawa takhala ngati anthu a lendi ongokumana pokatunga madzi. Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Zomba kukayamba koleji, ndipo ine sindikufuna upite tili chonchi. Chimene ndinakulakwira ndikuchidziwa. Chimene sindikuchidziwa ndi kukula kwake, chifukwa nambala yako ija mpaka lero imandizunguza mutu.

Ndiilembe pano kuti uone kuti ndinaisunga: 4,294,967,297. Ndalemba bwino? Kuitchula pakamwa ndiye sindingayese. Abambo ako akuti ndi mabiliyoni anayi ndi zinazake, ine ndimangoti nambala ya Lusungu.

Ukukumbukira mmene inalowera m'nyumba muno. Unalemba mayeso a Fomu 4 n'kukhala pakhomo kudikira zotsatira, miyezi n'kumangopita. Nyengo imeneyo ndi imene ana a anzathu amasokonekera, ndipo ine ndinkagona diso limodzi. Iwe unangopita kukaona aphunzitsi ako a masamu, aja a njinga yopanda mabuleki, n'kubwerako ndi kapepala. Unatola khala pambaula n'kulemba nambalayi pakhoma la kuseri loyang'ana kubafa, poti makope ndi odula ndipo amene analipo tinasungira achimwene ako. Kuyambira tsiku limenelo, ukatsuka mbale unali kukhoma. Ukachokera kumsika unali kukhoma. Mayi wina akanagwada n'kuthokoza Mulungu kuti mwana wake wamkazi akufunsiridwa ndi khoma osati anyamata a pa siteji. Ine ndinkangoona kuda kwa makala.

Unayesetsa kundifotokozera, zimenezo sindingakane. Unakhuthula chitini changa cha mabatani pamkeka n'kunena kuti, "Amayi, nambala zili ndi mitundu. Zina zimayenda ziwiriziwiri, zina zimatsala ndi imodzi yopanda mnzake." Pamenepo ndinamva. Unawerenga mabatani 12 n'kundionetsa kuti anthu awiri angagawane bwinobwino, atatu angagawane, anayi, ngakhale asanu ndi mmodzi. Kenako unawonjezera batani limodzi kuti akhale 13. "Awa ndiye sagawika, Amayi. Kaya mmodzi atenge onse, kaya anthu 13 atenge limodzilimodzi. Nambala zotere timati pulaimu." Ine ndinati, "Ndiye nambala zaumbombotu zimenezo." Unaseka mpaka kugwetsa mabatani m'ngalande. Kuseka kumeneko ndakusowa, mwana wanga, ndipo sindikuchita manyazi kukuuza.

Unati nambala yakoyo ili ndi akulu ake asanu obadwa bere limodzi: 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Kabadwidwe kake ndinakagwira chifukwa kakufanana ndi kapindidwe ka nsalu. Umatenga wamkuluyo, n'kuchotsapo imodzi, yotsalayo n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe, kenako n'kubwezera imodzi ija, wamng'ono wake wabadwa. Pa 5 ukachotsa imodzi patsala 4, 4 kanayi ndi 16, kubwezera imodzi 17. Ndinayesa ndekha ndipo zinatheka. Akulu asanuwo onse ndi aumbombo, onse ndi pulaimu. Funso la aphunzitsi ako linali lakuti, kodi wachisanu ndi chimodziyu nayenso ndi wotero, kapena pali nambala ina imene ingamugawe popanda chotsala? Anangokuuza kuti usataye mtima usanafike pa 1,000. Ndiye iwe unayamba kugawa: ndi 3, ndi 7, ndi 11, ndi 13, kumangokwera, paliponse chotsala chilipo, n'kuchilemba pambali pake.

Ndinakufunsa tsiku lija kuti, "Nanga ukadziwa, chichitike n'chiyani?" Unati, "Palibe, Amayi. Ndingodziwa basi." Yankho limeneli ndalitembenuza uku ndi uku ngati kolala ya malaya akale, koma sindinalipezere kumaso kwake. Ine ndikasoka, wina amavala. Abambo ako akayendetsa galimoto ya kuntchito, wina amafika. Tsono ntchito imene ikatha palibe chichitika, ndi ntchito yanji? Sindikudziwa. Koma ndinaona nkhope yako ponena mawuwo, ndipo sinali nkhope ya munthu wosewera. Langizo langa loyamba ndi ili: kumene ukupitako, ndiponso ukamabwera patchuthi, udzakumana ndi anthu ambiri ofunsa funso langali. Usamawayankhe mowaona ngati mbuli. Ena amafunsa chifukwa cha chipongwe, koma ena amafunsa chifukwa akuopa kuti mwana wawo walowa m'nyumba imene iwo alibe khomo lake.

Pali kanthu kena kamene sukukadziwa. Khoma litadzadza theka, amake Dalitso anasuzumira pampanda n'kundikokera pambali. "Amake Lusungu, inu simukuona? Masiku ano zinthu zavuta m'tauni muno. Ana akulowa zamdima, ndipo amayamba chonchi, ndi manambala." Ine m'malo mowaseka, ndinawamvera. Tsiku limene unapita kuchigayo ndinakaitana mkulu wa mpingo wa dera lathu lino kuti adzapempherere khoma. Inde, khoma. Mkuluyo, paja anali kalaliki m'boma asanapume, anavala magalasi, n'kuyang'ana, n'kutola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Atatha anati, "Apa pa 7 patsaladi 5. Mwanayu walondola. Mayi, ziwanda ndakumana nazo zambiri, koma lodziwa kugawa sindinalionepo. Kodi tiyi alipo?" Ndinawaphikira tiyi mwamanyazi. Iwe unali m'nyumba momwemuno tsiku ndi tsiku, pakamwa uli napo, koma ine ndinakafunsa kumpanda. Safunsa anadya phula, koma wofunsa munthu wolakwika amadyanso phula lomwelo. Ukakhala ndi nkhawa ndi mnzako wogona naye chipinda chimodzi kukolejiko, ufunse iyeyo, usakayambe kwa oyandikana nawo.

Tsiku lina ndinafuna kukuthandiza, kapena ndinene zoona, ndinafuna kuti zithe khoma lipume. Ndinakopera nambalayi padzanja n'kupita kugolosale ya pakona kukabwereka kakyuleta. Mwini golosale anadinadina, koma kachipangizoko kanangomeza manambala asanu ndi atatu, 9 ndi 7 akumapetowo n'kukana kulowa. Anadina mwamphamvu mpaka ndinaopa kuti andilipiritsa. Ndinabwera kwa iwe ndi nzeru yanga ya utelala kuti, "Bwanji ungodulako awiri akumapetowo kuti ikwane?" Unandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, diresi ya kasitomala ikakana kulowa m'jumbo, mumadula manja?" Ndinakutukwana kuti ndiwe wamwano, koma mumtima ndinadziwa kuti wandigwetsa. Tsono mawu akowo ndikukubwezera, upite nawo. Kumeneko kuli anyamata ophunzira, olankhula Chingerezi cha m'mphuno, amene adzakukonda ukamadziyesa wosadziwa. Adzafuna udule awiri akumapeto kuti ukwane m'kakyuleta kawo. Usadule. Za mathalauza amene atsikana ayamba kuvala chilolezereni boma, tinakangana kale ndipo sindibwereza. Ndakusokera imodzi, ili pansi pa masiketi, abambo ako asaione.

China chimene chinandisokoneza ndi mitundu ina ija unandiuza tikusenda mbatata. Unati ukatenga nambala zonse zimene zimagawa nambala inayake, kupatula mwini wakeyo, n'kuziphatikiza, pamatuluka zitatu. Zikaposa mwini wake, nambalayo ndi yosefukira, monga 12, poti 1, 2, 3, 4 ndi 6 zimakwana 16. Zikachepa, ndi yoperewera, monga 8. Zikangofanana ndendende ndi yokwana, monga 6, ndipo zotero akuti n'zosowa ngati mwamuna wodziwa pamene pamakhala mchere. Ndinafunsa kuti nanga yakoyo ndi iti? Unati ikakhala pulaimu ndiye kuti ndi yoperewera kwabasi, chifukwa ilibe woigawa wina koma 1. Ndinaika mpeni pansi. Mabiliyoni anayi yoperewera, 12 yosefukira! Anagamula zimenezi ndani, ndipo anali atadya? Komabe pamene ndinkatsira mbatata mumphika ndinakumbukira anthu ena amene ndinawasokerapo masuti, akuluakulu ndithu, amene maliro awo anasowa wokumba manda. Mwina amasamuwo si amisala kwenikweni. Munthu akabwera kwa iwe ndi galimoto ndi dzina lalitali, uyambe waona kuti amagawana ndi ndani.

Nkhani ya akulu asanu aja inandikhudza pena pamene iwe sunadziwe. Unati kalekale anthu ophunzira anangoona kuti asanuwo ndi pulaimu, n'kuganiza kuti banja lonse ndi lotero, osayesa n'komwe. Ine kwathu ku Dowa akulu anga anali atatu, ndipo onse anasiya sukulu n'kukwatiwa asanafike patali. Nditafika Sitandade 7 amalume anabwera n'kuuza amayi kuti, "Akulu ake tinawaona. Uyunso n'chimodzimodzi, tisataye fizi." Ine ndinali woyamba pa masamu m'kalasi monse, anyamata ndinkawasiya kutali, kugawa kwa manambala aatali ndinkakukonda ngati nzimbe. Koma ndinakhala chete, maso pansi, monga anatiphunzitsira. Kulakwa kwanga kunali kumeneko. Sindikunena kuti akanandimvera, koma sindinayese n'komwe kutsegula pakamwa. Patapita zaka, amalume omwewo anati ndisakwatiwe ndi abambo ako, poti kwawo n'ku Rumphi, chifukwa anthu akumeneko amene amalumewo anagwirapo nawo ntchito anali akuti ndi akuti. Apo ndiye ndinalankhula, ndipo ndi chifukwa chake iwe ulipo. Kumene ukupitako adzakufunsa kuti kwanu n'kuti. Ukati ku Kawale adzati ayi, kwanu kwenikweni. Ukati ku Rumphi adzakuika m'dengu lina, ukati ku Dowa m'dengu lina, ndipo aliyense adzakhala atakumaliza kale asanakuyese. Iwenso usamalize anthu chotero. Munthu wachisanu ndi chimodzi umuyese payekha.

Tsopano ndifike pa laimu, pakuti ndakhala ndikuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Dzina lako litatuluka kuti wasankhidwa, amayi a kutchalitchi anati abwera kudzachita mapemphero okutsanzika. Iwe ukudziwa mmene timachitira kuno. Alendo a mpingo akamabwera, pakhomo pamasesedwa mpaka kumsewu, pansi pamaziridwa, makoma amapakidwa laimu, makamaka njira ya kubafa ndi kuchimbudzi, chifukwa amayi amaweruza nyumba poona kuseri osati pabalaza. Ndinakutuma kumsika waukulu m'tauni kukagula sutikesi. Ndinasungunula laimu m'ndowa, n'kutenga burashi ya abambo ako. Nditafika pakhoma lako ndinaima kaye, zimenezo ndikuuze. Ndinaona mizere yako kuchokera pamene dzanja lako limafika mpaka pansi pamene unkalemba chogwada. Ndinadziuza kuti wasankhidwa kale, zamakalazi ntchito yake yatha. Ndinadziuzanso kuti nambalayo uli nayo m'mutu. Ndinapaka, ndipo ndinapaka kawiri kuti kuda kusaoneke.

Unabwera ndi sutikesi pamutu, n'kuzungulira kuseri monga mwa chizolowezi chako. Ndinamva sutikesi ikutsika pansi pang'onopang'ono. Ndikanakhala wanzeru ndikanatseka pakamwa, koma ndinathamangira kudziteteza. Ndinati, "Mtsikana wamkulu ngati iwe kumadetsa khoma ngati mwana wa mkaka! Alendo akanati chiyani?" Sunalire, sunakuwe. Unangoti, "Amayi, simunandifunse." Alendo anabwera, anaimba, anayamikira kuyera kwa pakhomo, ndipo mmodzi anafunsa kumene ndinagula laimu. Iwe unawagwadira ndi madzi osamba m'manja monga mwana woleredwa. Kuyambira pamenepo khala sunaligwirenso.

Abambo ako ndi amene anandiuza chimene chinali pakhomapo, poti iwo ankaima n'kumawerenga akamapita kukasamba. Anati, "Amake Lusungu, si nambala yokha munapaka. Mwanayu anasefa yekha mapulaimu onse mpaka 1,000, imodziimodzi, kuti adziwe zogawira. Chilichonse chimene anayesa chinali pamenepo ndi chotsala chake. Imeneyo inali miyezi yake yonse." Ndinawakalipira kuti bwanji sananene kale. Anati, "Inunso simunandifunse." Nyumba ino anthu a ku Rumphi mwandipangira upo.

Ndinayesa kupepesa ndi chakudya, ndi nsapato zatsopano, ndi kukusiyira ntchafu ya nkhuku. Unkalandira ndi manja awiri n'kuthokoza ngati mlendo. Pepani sapoletsa chilonda, nanji ntchafu ya nkhuku. Apa pali langizo, ngakhale ndikulipereka ndine wolephera: ukalakwira munthu, upite ndi pakamwa, usatume mbale. Ndipo chinthu cha mnzako chimene sukuchimvetsa usachiyese zinyalala. Kusamvetsa kwako si umboni woti n'chachabe. Funsa kaye, Lusungu. Ngakhale ukhale ndi madigiri odzaza sutikesi, funsa kaye.

Mvula ya chizimalupsa itagwa sabata yatha ija, ndinathamangira kuseri kukaanula zovala. Mphepo inali itawomba mvula kukhoma, ndipo laimu atanyowa, makala ako anayamba kuonekera pansi pake ngati mitsempha ya padzanja. Ndinaima pamvulapo zovala zili m'manja. Zambiri sizinkawerengeka, koma cha pansi, kumapeto kwa mzere wotsiriza, ndinaona 599. Kaya ndi pomwe unalekera, kaya panali zina zimene zinafufutikiratu, sindikudziwa. Dzuwa litatuluka khoma linayeranso mbee. Ndinaganiza zokuitana, koma ndinaopa kuti ndikhala ngati ndikukuonetsa manda.

M'mawa mwake ndinatenga mapepala a matumba a simenti amene ndimadulirapo mapatani, ndi pensulo ya kukhutu, n'kuyamba pa 601. Usaseke. Kapena seka, ndingakondwe. Zaka zonsezi kugawa kwanga kunali kwa mamita a nsalu, ndipo dzanja linali litaiwala. Poyamba ndinatha m'mawa wonse pa nambala imodzi, nyemba n'kupserera. Kusefa mapulaimu sindidziwa, ndiye ndinangodumpha zoyenda ziwiriziwiri ndi zothera ndi 5, monga unandiuzira kuti zimenezo sizingagawe nambala yothera ndi 7. Zina zonse ndinkagawa, zofunika ndi zosafunika zomwe, ngati munthu wopalira chimanga ndi udzu womwe. Ukamalowa ndinkaponya nsalu pamwamba. Unkaganiza kuti ndikudula siketi ya amake Dalitso, n'chifukwa chake siketi yawoyo mpaka lero sinathe.

Pa 613 ndinafika pansi n'kupeza palibe chotsala. Ndinaimirira, n'kululuta pang'ono chapansipansi, n'kudikira abambo ako ngati mwana wodikira Khirisimasi. Iwo anakhala pansi, osavula n'komwe nsapato, n'kunena kuti, "Tichulukitse tione ngati ibwerere." Sinabwerere. Pakati penipeni ndinabwereka imodzi n'kuiwala kubweza, ndipo kulakwa kumeneko kunayenda mpaka pansi kutavala suti. Zinandikumbutsa chaka chimene ndinayamba utelala, pamene ndinayeza mkwatibwi kamodzi kokha n'kudula nsalu yoyera yochokera kunja. Diresi inakana kutseka kumsana Lachisanu, ukwati uli Loweruka, ndipo ndinachita kuika chigamba cha leisi n'kunama kuti ndi fasho. Chinthu chikakukomera msanga, mwana wanga, ndi pamene uyenera kuchiyeza kachiwiri. Kaya ndi yankho la masamu, kaya ndi mnyamata, kaya ndi mneneri, uchulukitse uone ngati zibwerere.

Taona, ndayamba kale kuulula, poti tsopano wadziwa kuti 613 si yankho. Pakamwa panga ndi potero.

Dzana m'mawa, iwe uli kokachapa, ndinafika pa nambala ina. Ndinagawa, ndinatsitsa, ndinachotsa, ndinatsitsanso, ndipo pansi panatsala 0. Ulendo uno sindinalulute. Ndinatenga pepala lina n'kuchulukitsa ndekha, ndipo inabwerera yonse, kuyambira 4 wakutsogolo mpaka 7 wakumapeto. Ndinachulukitsanso masana, inabwerera. Dzulo ndinayambiranso pa pepala latsopano osayang'ana lakale, inabwereranso. Abambo ako sindinawauze. Palibe amene ndamuuza.

Ndimayesa ndidzasangalala, koma ndinangokhala pansi pakhonde. Mbali ina ndinamva chisoni ndi nambalayo. Ndinali nditayamba kuilemekeza, chimunthu chachikulu chokana aliyense, kuyambira 3 mpaka mazanamazana, kenako kanambala kosaoneka n'komwe n'kukagawa pakati mwakachetechete. Mbali ina ndinamva chinthu chimene ndinachimva komaliza ndili mu Sitandade 7, kutentha kwina pachifuwa kumene sindikudziwa dzina lake. Panalibe chimene chinachitika. Amake Dalitso ankakazinga mandasi, ana ankasewera mpira wachikulunga mumsewu, madzi anali atasiya kutuluka pampopi monga mwa masiku onse. Ine ndekha mu Kawale yense ndinkadziwa kanthu kena, ndipo kanthuko kosagulitsika. Kodi ndi zimene unkatanthauza zija? Ngati ndi zimenezo, ndiye kuti ndinapaka laimu chinthu chachikulu kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ndikupepesa ndi mtima wanga wonse.

Pali zambiri zimene sindikuzidziwabe. Nambala ina imene yatuluka pogawapo ndi yaitali, ya manambala asanu ndi awiri, ndipo kaya nayonso ndi yaumbombo kaya imagawika, chalaka bakha nkhuku singatole. Kaya yako ija tsopano tiziti yoperewera kapena yosefukira, zimenezo ukafunse kumeneko. Ndiponso mwina ndalakwitsa katatu mofanana, poti ndine mayi wa Sitandade 7 wolembera pa thumba la simenti.

Koma chimene chandisowetsa mtendere kwenikweni ndi ichi. Ndinayamba kugawa kuti ndikubwezere chimene ndinakulanda. Tsopano ndachigwira m'manja, ndipo ndikuona kuti ndikakupatsa mwina ndikulanda kachiwiri. Miyezi yonse ija unagwada pakhoma, dzuwa likukuotcha kumsana, sunkafuna kuti wina adzakuuze. Ukanafuna zouzidwa ukanabwerera kwa aphunzitsi a njinga aja tsiku lomwelo. Unali utayenda ulendo wonse wekha, ine n'kudzakutchinga pafupi ndi pakhomo, kenako n'kulowa ndine. Ndikakuuza, kutentha kwa pachifuwa kuja ndadya ndekha, iwe n'kukupatsa makoko. Ndikapanda kukuuza, ndiye kuti ndakhala pa chinthu chako ngati nkhuku yofungatira dzira la mnzake. Ndapemphera, koma pa nkhani ya masamu Mulungu sanandiyankhe. Ndatembenuza mutu mpaka wandiwawa, ndipo sindikudziwa chabwino n'chiti.

Zotsalazi ndinene mwachidule, poti ndamva ana akusukulu ayamba kudutsa ndipo iwe ufika posachedwa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndiye pita, usatembenukire m'mbuyo chifukwa cha ife. Uzipemphera, ndipo upeze mpingo sabata yoyamba yomwe. Uzidya, chifukwa ndimakudziwa, ukagwira pensulo umaiwala kuti uli ndi mimba. Zomba ndi kozizira, juzi yofiira ili pambali pa sutikesi. Matenda amene akutha anthu masiku ano ukuwadziwa, wakhala ukuimba nawo kumaliro mu Kawale muno, ndiye sindichita kukujambulira. Abambo ako uziwalembera, sanena koma adzakhala akuyang'ana kubokosi la makalata la kuntchito. Usabwereke zovala za anzako. Ukadwala unene msanga. Ukapeza munthu wochedwa kumva masamu, ukhale naye pansi ndi mabatani monga unachitira ndi ine. Ndipo makoma a kukoleji usakalembepo ndi makala, kumeneko alibe chifundo ngati cha mayi ako.

Kalatayi ndiika pa pilo wako kuti uwerenge lero, osati m'basi. Nambala ija sindinailembe muno, ndipo mapepala a simenti ndasonkhera moto. Ili m'mutu mwanga mokha. Mawa ndikusenzera sutikesi mpaka kudepoti, ndipo njira ndi yaitali ndithu kwa anthu awiri oyenda pansi. Ukati ndinene, ndidzakunong'oneza basi isananyamuke. Ukati ndisunge, ndidzasunga ngakhale zaka, mpaka tsiku limene udzabwere nayo wekha kuti tifananize. Ukati ndalakwitsa, undionetse pamene ndalakwitsa, ndidzakhala pansi ngati mwana wa sukulu. Ukafuna kundikalipira chifukwa cholowerera ntchito yako, undikalipire pamsewu pomwepo, anthu aone, ndilibe nazo kanthu. Chilichonse mwa zimenezi ndilandira ndi manja awiri, bola chituluke pakamwa pako.

Ndiye ndikufunsa, Lusungu mwana wanga: ndikuuze, kapena ndisakuuze?

Ndine mayi ako,
amene akudikira yankho.